Musamasule Msoko

Ine ndine Elube, kwathu ndi ku Phalombe, koma chaka chimene ndikunenachi tinali pa utenanti pa esiteti ina ya fodya kufupi ndi Lisasadzi ku Kasungu, ine ndi amuna anga a Lemani ndi ana athu atatu. Ndayamba ndi za kwathu dala, chifukwa tenanti alibe mudzi. Akamalemba maina a makuponi a feteleza wotsika mtengo, ife ankangotidumpha, ati maina anu ali kwanu. Kwathuko nakonso ankati anthu amenewo anapita ku fodya, asiyeni. Ndiye kuponi tinkangoiona m'manja mwa anzathu.

Amene anatimvera chisoni anali a Esitere, mayi wamasiye wa m'mudzi woyandikana ndi esitetiyo, munthu wa miyendo yotupa koma wa pakamwa posachedwa. Anandibwereka mizere makumi atatu kumapeto kwa munda wawo kuti ndibzaleko chimanga changa, poti chimanga cha phoso chimene bwana ankapereka chinkatha mwezi usanathe. Chaka chimenecho kuponi inawagwera, koma imodzi yokha, ya feteleza wobereketsa. Ya wokulitsa mudzi unapereka ku banja lina. Tinapangana kuti iwo atulutsa kuponi, ine nditulutsa miyendo ndi kandalama kowonjezera, thumba likafika tigawana pakati ndi ndowa, tonse tikuona. Chimanga chathu tonse awiri chinamera pa manyowa okha, ndipo chiyembekezo chonse chinali pa thumba limeneli.

Feteleza anafika mochedwa, Khirisimasi itadutsa, chimanga chili m'mawondo. Masiku awiri ndinapita ku depoti n'kubwerako chimanjamanja. Tsiku lachitatu ndinalipeza thumba, loyera, lolemera bwino, msoko wake wa kufakitale uli gwa. Abale, ndinasekera ndekha pa mzere ngati ndapenga.

Pobwerera ndinakwera matola, kapikapu kokalamba kodzaza anthu ndi mitolo. Thumba ndinaliika m'mbali, kumbuyo kwa dalaivala, ine n'kukhalapo. Titayenda pang'ono, dalaivala anakhotera pomwetsera mafuta pamsewu wa tala. Mtsikana wothira mafuta, amene pa malaya pake panalembedwa kuti Jane, analowetsa payipi pabowo lomwe linali pafupi ndi bondo langa. Ndinamva kaphokoso, tsiii, kenako phuu! Payipi ija inang'ambika pakhosi, dizilo n'kuyamba kuthovoka m'mwamba. Jane anataya chogwirira chija koma pampu sinaleke. Anthu anadumpha balalabalala. Ine m'malo modumpha ndinagwada n'kukumbatira thumba, ati ndilitchinjirize. Mmene Jane amakafika kozimitsira n'kuti ine ndi thumba tonse tili noninoni.

Dalaivala sanachedwe nane. Anati anthu ena anyamula ufa, sangayende ndi fungo limeneli, ndipo ananditsitsa ndi thumba langa pomwepo. Galimoto inapita. Ndinatsala chiimire padzuwa, dizilo akudontha m'chitenje, mutu utaima.

Kenako munatuluka bambo wina mu ofesi, wamfupi, wa makiyi ambiri m'lamba. Anati dzina lake ndi a Cornelius, ndiwo oyang'anira malowo. Kunena zoona, munthuyo anali waulemu. Anandipatsa mpando, anandipatsa madzi osamba m'maso, anapepesa mpaka ine ndinachita manyazi.

"Bwana, feteleza ameneyu si wanga ndekha," ndinatero. "Mundibwezere thumba lina, ndikagawane ndi mwini kuponi. Chimanga chikudikira."

"Mayi, zimenezo n'zosavuta," anatero a Cornelius. "Kungoti pampuyi si yanga."

"Ndi ya yani?"

"Ndi ya eni malo ano. Komanso si yawo kwenikweni, ndi ya kampani imene imatibweretsera mafuta. Koma payipi ndi ya anthu ena amene amakonza mapampu."

"Ndiye ndipite kwa yani?"

"Musapite kwa aliyense. Kuli bwana wa inshuwaransi ku Lilongwe, ndiye amaona zoterezi. Abwera Lachinayi. Akangoona thumbali, akupatsani lina. Mwina awiri, poti mwavutika."

Awiri! Mawu amenewo anandilowa m'mutu n'kukhazikikamo. Ndinayamba kuona a Esitere ndi thumba lawo lathunthu, ine ndi langa lathunthu.

"Koma chinthu chimodzi, mayi," a Cornelius anakweza chala. "Musamasule msoko. Bwanayo alipeze mmene lililimu. Mukangotsegula adzati mwachotsamo wabwino n'kuthiramo mchenga, ndiye simudzalandira kanthu."

Anang'amba kapepala, analembapo tsiku, analembanso ndi zilembo zikuluzikulu kuti OSATSEGULA, n'kusayina. Ndinapempha kuti thumbalo ligone mu ofesi mwawo mpaka Lachinayi. Anakana, ati feteleza sasungidwa pafupi ndi mafuta, n'zoopsa. Ndinawayang'ana, ndinayang'ana thumba lonyowa ndi mafuta awo omwewo. Ndinapeza wa kabaza wa njinga n'kulitengera kunyumba.

A Esitere anabwera madzulo omwewo ndi ndowa yawo, akutsimphina. Anamva nkhani yonse, anawerama, ananunkhiza thumba, n'kulimenya ndi chikhatho.

"Amake Yankho," anatero, poti ankanditchula ndi dzina la mwana wanga woyamba, "matumba awa amakhala ndi pulasitiki m'kati. Tengani mpeni tione. Ngati walowa, walowa pamwamba pokha."

"Iyayi amayi, atiletsa."

"Ndani?"

Ndinawaonetsa kapepala. Anakagwira chozondoka, anakabweza. "Pepala limeneli lili ndi munda?"

Apa ndiyenera kufotokoza, chifukwa anthu akamamva nkhaniyi amandiseka kuti ndinalibe nzeru. Za pulasitiki ndinkazidziwa, sindine mwana. Koma inu simunakhalepo pa utenanti. Pa esiteti msoko wa thumba ndi umboni wa munthu. Chaka chathu choyamba, a Lemani analandira thumba la feteleza wa fodya lomwe linang'ambika pa ngolo, iwo mwa ubwino wawo n'kulisoka ndi chingwe cha mlaza kuti asatayike. Kapitawo ataona msoko wa pamanja sanafunse n'komwe. Anawaimika pamaso pa matenanti onse n'kuwatcha wakuba, ndipo dzina limenelo linatitsata zaka ziwiri. Kuyambira pamenepo ndinaphunzira kuti wamkulu akati usakhudze, sukhudza, ngakhale ukuona ndi maso kuti akulakwitsa. Ndiye pano panali pepala, losayinidwa. Komanso ndisaname, panali matumba awiri aja.

"Lachinayi si kutali, amayi," ndinatero. "Masiku atatu okha."

A Esitere anatola ndowa yawo. "Chabwino. Inu ndi amene munapita kusukulu."

Vuto loyamba linali pogona pa thumbalo. Ndinaliika m'chigafa, moyanikira fodya muja, kuti lisanyowe ndi mvula. A Lemani atalipeza anakuwa ngati aona njoka. "Mukufuna kutipha? Fodya amakoka fungo! Tsamba limodzi likangonunkha dizilo ku okushoni, belo yonse ibwerera!" N'kuti m'chigafamo mulibe ndi tsamba limodzi lomwe, kuthyola kunali kusanayambe, koma iwo anati fungo limatsalira m'mitengo ndi m'udzu. Thumba linalowa m'nyumba, kuseri kwa chitseko. Nyumba ya tenanti mukuidziwa, chipinda chimodzi. Zofunda, ufa, ana, zonse zinayamba kununkha ngati galaja.

Lachinayi ndinalawirira ndi thumba pa kabaza. Ndinakhala pakhonde la ofesi kuyambira mmawa mpaka dzuwa kupendeka. Galimoto iliyonse yooneka bwino ikakhota, ine dzambatu, kukonza mpango. Bwana wa ku Lilongwe sanabwere. A Cornelius anati mwana wa bwanayo wadwala, abwera Lachinayi linalo. Kenako anapempha lisiti la ku depoti, analiwerenga, nkhope n'kusintha.

"Apa palembedwa Esitere. Inu ndinu Esitere?"

"Ayi, ndinakuuzani kuti ndi wa anthu awiri."

"Aaa, mayi, mukanatero poyamba."

"Ndinatero!"

"Wodandaula ayenera kukhala mwini dzina. Abwere yekha adzadinde chala. Mubweretsenso kalata ya alangizi yotsimikiza kuti feteleza wawonongekadi. Zikakhalapo ziwirizo, bwana akangofika n'kungosayina basi."

Alangizi a zaulimi a dera lathu ndinawapeza Lolemba, nditawasowa kawiri. Anabwera kunyumba pa njinga yamoto, anayang'ana thumba, anagwira mphuno.

"Tsegulani ndione," anatero.

"Atiletsa kutsegula."

"Nanga ndilemba bwanji kuti wawonongeka ndisanamuone?"

"Mulembe kuti akununkha."

"Chikununkha ndi thumba, mayi. Ine ndimalemba za feteleza."

"Ndiye nditsegule?"

"Zimenezo sindingakuuzeni. Mukatsegula chifukwa cha ine, iwo n'kukana kukulipirani, mudzati ndakulakwitsani ndine." Analiza njinga yawo. Asananyamuke analoza kumunda ndi chibwano. "Koma chimanga chija chikufuna chakudya sabata ino. Mukachedwa mudzangothira pachabe."

Kalata ikufuna thumba lotsegula, bwana akufuna thumba lotseka, ndipo bwana yemweyo akufuna kalata. Ndinayesa kuzisanja m'mutu kuyambira kutsogolo, ndinayesanso kuyambira kumbuyo, sizinalumikizane. Ndinaganiza kuti mwina ndine amene sindikumva bwino, poti anthu a m'maofesi sangalankhule zinthu zopanda mutu onse pamodzi.

Lachinayi lachiwiri ndinatenga makabaza awiri, wina wa thumba, wina wa a Esitere, ine ndikuthamanga pambuyo mpaka pamsewu. Mayi aja anavutika, miyendo ili lendelende, akubuula pa bampu iliyonse. Titafika tinapeza ofesi ili yokhoma. Jane anati a Cornelius apita ku boma kukasunga ndalama, ndipo za bwana wa ku Lilongwe iye sanamvepo kanthu. Ndinaona kuti pampu ija aikapo payipi yatsopano, yakuda bii.

"Mwana wanga," a Esitere anamuitana Jane, "iwe unalipo. Tandiuza zoona, zimenezi zimatheka?"

Jane anayang'ana uku ndi uku. "Amayi, ine musanditchule. Okonza pampu anabwera, analemba kuti payipi inalibe vuto, ndine ndinaikoka molakwika. A Cornelius akuti inali yotha. Eni malo akuti sanauzidwe. Panopa sindikudziwa ngati mwezi uno ndimaliza pantchito."

"Nanga bwana wa inshuwaransiyo alikodi?"

"Aliko. Ndinamuonapo kamodzi, galimoto itagunda mpanda."

A Esitere sanadinde chala paliponse.

Wina ku esiteti anandiuza kuti ndipite ku polisi, akawakakamize. Ndinapita. Wapolisi wa pa kauntala anamvetsera bwinobwino, n'kunena kuti palibe amene waba kapena kumenya munthu, ndiye si mlandu wawo. Kenako anatenga lisiti lija. "Inu ndinu tenanti? Nanga kuponi ya munthu wa m'mudzi ikutani m'manja mwanu? Mukudziwa kuti kugula kuponi ndi mlandu?" Ndinalumbira kuti sindinagule, tinangophatikizana mmene anthu onse amachitira. Anati ndidikire pabenchi afunse akuluakulu. Atangolowa m'kati, ndinatola lisiti langa pa kauntala n'kutuluka osacheuka. Ndinapita kukadandaula, ndinabwerako ndikuthawa.

Mvula chaka chimenecho inagwa bwino, mwina kuposa zaka zonse zimene tinakhala ku Kasungu. Imagwa, n'kuwala, n'kugwanso. M'minda ya anzathu amene anathira, chimanga chinali bii, chikukula ukuchiona. Chathu chinayamba kuchita chikasu kuyambira masamba a m'munsi. Ndinasiya kudzera njira ya kumunda, ndinkazungulira kudambo.

Loweruka mmawa a Esitere anafika pakhomo ndi ndowa m'dzanja lina, mpeni m'dzanja lina. Sanaodire n'komwe.

"Amake Yankho, ndabwera kudzatenga theka langa. Lanu musunge, mudikire nalo bwana wanu."

"Amayi, theka lanu lituluka bwanji osamasula msoko?"

"Ndiboola pansi."

"N'chimodzimodzi! Adzaona!"

"Aone! Kodi chimanga chija ndi cha iye?"

A Lemani anali pakhonde akunola khasu. "Amake Yankho, apatseni amayi feteleza wawo," anatero osadzutsa mutu. "Kuponi ndi yawo. Munda ndi wawo."

Mukudziwa chimene ndinachita? Ndinakhala pa thumba. Ine mayi wa ana atatu, ndinakhala pa thumba n'kutambasula manja ngati nkhuku yofungatira. Ndinalira, ndinawachonderera. Ndinati tavutika kale masabata awiri, ndalama za kabaza zapita, miyendo yawo yavutika, tikatsegula lero zonsezo zipita pachabe. Ndinati bwanji ngati titsegule n'kupeza dizilo walowa, ndiye titaya uku ndi uku. Ndinati Lachinayi lokha ili, likalephereka ndidzamasula ndekha ndi mano. M'mtima ndinali ndi mantha, komanso ndinali ndi mkwiyo, kungoti sindinkadziwa kuti ndakwiyira yani.

A Esitere anandiyang'ana nthawi yaitali. Akanatha kuitana abale awo kudzandichotsapo, mudzi ndi wawo. Sanatero. Anaika mpeni m'ndowa n'kutembenuka.

"Nthawi imene ndinkakubwerekani mizere ija," anatero ali chotembenuka, "anthu anandiuza kuti anthu obwera ndi ovuta. Ndinawayankha kuti uyu ndi mwana wanga."

Lachinayi lachitatu bwana sanabwere. A Cornelius anati galimoto yake ili ku galaja, koma wayimba foni, walonjeza ndithu sabata ya mawa, ndipo anandionetsa foniyo ngati kuti ndingaone mawu ake m'menemo. Za kalata ya alangizi anati zisiyeni, sizikufunikanso. Za chala cha a Esitere anati ndani anakuuzani zimenezo.

Ndinalonjeza kuti ndimasula ndi mano, eti? Sindinamasule. Ndinafika kunyumba, ndinagwira mpeni, ndinayang'ana msoko uja uli bwinobwino mmene unachokera kufakitale, dzanja linakana. Ndinati munthu wayimba foni. Ndinati ndapirira masabata atatu, ndilephere imodzi? A Esitere sanabwerenso kudzafunsa, ndipo kusabwera kwawoko kunandipweteka kuposa mpeni uja.

Lachinayi lachinayi, cha m'ma leveni, inakhota galimoto yoyera, n'kutsikamo bambo wamtali wa tayi ndi chikwama. Analikodi, abale! A Cornelius anathamanga kukamulandira, anamulozera pampu, anamulozera ine. Bamboyo anandipatsa moni mwaulemu, anafunsa dzina langa, za lisiti sanafunse n'komwe. Anazungulira thumba kamodzi. Kenako anapisa m'thumba la malaya, anatulutsa lezala, n'kudula msoko uja, tseee, kuchokera uku mpaka uko.

Ndinakuwa. "Bwana, osatsegula!"

Anandiyang'ana modabwa. "Nanga ndiona bwanji, mayi?"

Anakankhira pansi thumba lakunja lija. Pulasitiki wa m'kati anali wosabooka paliponse, womanga bwino pakamwa. Anamasula. Feteleza anali mbee, wouma, woyoyoka. Anapisa dzanja mpaka m'chigongono, anatapa wa pansi, ananunkhiza. Anatapa wa m'mbali, ananunkhiza. Kenako anandithira pang'ono m'manja.

"Tanunkhizani nokha."

Ndinanunkhiza. Munalibe dizilo ngakhale pang'ono.

"Muli ndi mwayi, mayi," anatero akumwetulira, akupukuta manja ndi kansalu. "Feteleza wanu ali bwinobwino. Chawonongeka ndi chithumba chakunjachi basi." Analemba m'buku lake mizere iwiri. "Koma zachitika liti zimenezi?"

"Mwezi watsala pang'ono kukwana," anayankha Jane ali patali.

"Mwezi? Nanga bwanji simunangotsegula n'kuona? Chimanga sichinadutse msinkhu?"

Ndinamasula mfundo ya pa chitenje, ndinatulutsa kapepala kaja n'kumupatsa. Anawerenga. Anayang'ana a Cornelius.

"Ine bwana ndimatsata zimene munanena nthawi ya mpanda ija," anatero a Cornelius, akuseweretsa makiyi. "Munati chinthu chikawonongeka tisamachisunthe mpaka mufike."

"Mpanda, a Cornelius. Ndinkanena mpanda."

Anaseka pang'ono onse awiri, kuseka kwa manyazi. Ine ndinkangoyang'ana uyu, n'kuyang'ana uyo, kudikira kuti wina anene mawu amene ndiwamve. Ndinafunsa za thumba lina lija. Bwanayo anati sangalipire chinthu chimene sichinawonongeke. Ndinafunsa za chimanga. Anati pampu sinathire dizilo m'munda. Ndinafunsa kuti nanga wolakwa ndani. Anati funso limenelo ndi labwino, koma si la ofesi yake. Sanali munthu woipa, ankayankha mofatsa, ndipo chilichonse chimene ananena chinkamveka choona.

Asanakwere galimoto anauza a Cornelius kuti andipezere thumba lina loti ndinyamulire, ndi sopo wochapira chitenje. A Cornelius anatuma Jane ku golosale ya kutsidya kwa msewu. Anabwera ndi thumba latsopano lopanda kanthu, loyera, la mizere yobiriwira, ndi mugonjo umodzi wa sopo. Anandithandiza kulowetsamo pulasitiki uja ndi feteleza wake. Jane pomanga pakamwa pa thumba anandinong'oneza kuti pepani amayi, ndipo ndi yekhayo amene ndinamukhulupirira.

Sindinapite kunyumba. Ndinauza wa kabaza kuti adzere kumunda, njira imene ndinaithawa masabata atatu. Chimanga chinali chitatulutsa kale ngayaye chili m'chiuno, mapesi owonda ngati bango, masamba achikasu mpaka kunsonga. Apo ndi apo kanali kutuluka kachisononkho kosakwana chala. Aliyense amene anagwirapo khasu akanakuuzani kuti apa ngakhale uthire thumba lonse pa phando limodzi, palibe chimene chingasinthe.

A Esitere anali momwemo, atakhala pansi pakati pa mizere, akuzula udzu ndi manja poti kuima nthawi yaitali sankatha. Wa kabaza anatsitsa thumba n'kupita. Ndinagwada patsogolo pawo, ndinamasula, ndinatapa feteleza n'kuwaonetsa.

Anatenga pang'ono, ananunkhiza, anafikisa pakati pa zala.

"Sanalowe," anatero.

"Sanalowe, amayi."

"Nanga awiri aja?"

Ndinapukusa mutu. Ndinayesa kufotokoza za mpanda, za alangizi, za buku la bwana, koma pakati pa nkhani ndinaona kuti ngakhale ine sindikuimva. Ndinangoyamba kulira. Ndinati amayi ndakulakwirani, munanena tsiku loyamba lomwe, ndakuphetsani ndi njala ndi manja angawa. Ndinkafuna andikalipire, anditukwane, andilande mizere yawo, chilichonse. Iwo anangoyang'ana chimanga chawo.

Patapita nthawi anandituma kunyumba kwawo kukatenga ndowa. Tinagawana pomwepo m'munda, mmene tinapanganirana, ndowa iyi yanu, ndowa iyi yanga, iwo akusalaza pamwamba ndi chikhatho kuti pasakhale wopambana mnzake. Anati wawo akagulitsa kwa a madimba agule chimanga, ngati apeze wogula. Wanga ndinathira m'chitenje. Wawo anatsala mu pulasitiki muja, ndipo anasolola pulasitikiyo n'kumuika pambali. Thumba latsopano lija linatsala pansi lopanda kanthu.

"Ili ndiye lachokera kuti?" anafunsa.

"Ndi chipepeso chake, amayi. Ndi sopo uyu."

Analitola, analitembenuza, anakoka msoko wa pansi kuona ngati ndi wolimba. Kenako analipinda bwinobwino kanayi n'kuliika pamiyendo pawo.

"Sopoyo tengani, mukachape zofunda za ana," anatero. "Thumbali mundisiyire ine. Mwezi wa mawa ndiyamba kuyenda m'makomo kupempha madeya, ndiye ndinalibe ponyamulira."